Musamusiye Yekha Kuseri kwa Masipika

Moni kwa inu a ku Migowi, a ku Chiringa, a ku Chitekesa, a kwa Nkhulambe, ngakhalenso inu amene muli kutsidya kwa malire koma wailesi ikukupezani. Amayi amene mukupakula, pakulani ndithu, koma khutu limodzi mundibwereke. Achinyamata, musasinthe siteshoni. Lero sindinabwere kudzakukalipirani iyayi, ndabwera kudzafotokoza.

Nkhani yathu ndi ya maphwando a zoimba a panja, ndi mowa komanso mankhwala ozunguza bongo amene amayenda kumeneko. Ndikufuna pofika kumapeto kwa pologalamu ino mudziwe chimene chimachitika m'thupi la munthu usiku umenewo, ndiponso chimene inuyo mungachite kuti mwana amene watuluka pakhomo akuyenda asabwerere atanyamulidwa.

Nyengo yake ndi ino

Inu mukudziwa nthawi imene ndalama imaoneka kuno ku Phalombe. Nandolo akagulitsidwa, mpendadzuwa wapita, mpunga wa m'mbali mwa nyanja ya Chilwa walowa m'matumba, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, thumba la mnyamata limalemerako pang'ono. Oimba nawo kalendala imeneyi amaidziwa. Ndiye mumangoona mapepala amatidwa pa mitengo, bwalo la mpira latchingidwa ndi masaka, jenereta yafika, masipika aunjikidwa ngati nkhokwe.

Maphwando akuluakulu a dziko lino ambiri amachitikanso nyengo yotenthayi. Lake of Stars inayamba mu 2004 ku Chintheche, m'boma la Nkhata Bay. Sand Music Festival anaiyambitsa malemu Lucius Banda mu 2010, ndipo imachitikira m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Mu Novembala anthu amasonkhana ku Chileka kukumbukira Evison Matafale amene anamwalira mu 2001. Pafupi pompano ku Chonde, mu Okutobala, timakaonera tchopa pa mwambo wa Mulhakho wa Alhomwe. Ana athu amakwera malole kupita konseko.

Ndimveni bwino apa. Sindikunena kuti okonza maphwandowa ndi anthu oipa, kapena kuti aliyense wopita kumeneko ndi chidakwa. Ng'oma siinaphepo munthu. Gitala saluma. Koma paliponse pamene khamu lasonkhana panja kuchokera masana mpaka mbandakucha, ogulitsa mowa amafika, ndipo pali zinthu zingapo zimene zimakumana malo amodzi: dzuwa, njala, mowa waukali, kusakaniza, ndi mdima. Chilichonse pachokha munthu atha kupulumuka nacho. Zikakumana pamodzi, mpamene timamva kulira m'mawa. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Dzuwa ndi njala

Mu Okutobala chigwa chathu chino chimatentha kupyola madigiri 30. Munthu akuvina padzuwa loterolo akutaya madzi ambiri kudzera m'thukuta. Tsono mowa uli ndi khalidwe lake: umachititsa impso kutulutsa madzi ochuluka kuposa masiku onse. Ndicho chifukwa womwa amangopitapita kuseri kukataya madzi. Ndiye taonani, thukuta likuchotsa madzi, mowa ukuchotsanso madzi, iyeyo akumva ludzu, ndipo ludzulo akulizimitsa ndi mowa wina. Kuli ngati kuzimitsa moto ndi parafini.

Onjezani njala. Mnyamata ali ndi ndalama yochepa. Walipira pakhomo, yotsalayo aisankhire, chipisi kapena kabotolo. Ambiri amasankha kabotolo, ndipo ena amachitira dala kusadya ati kuti ziwagwire msanga. Zoonadi zimawagwira msanga. M'mimba mukakhala nsima, mowa umachedwa kudutsa kupita m'matumbo, ndiye umalowa m'magazi pang'onopang'ono. Mukakhala mopanda kanthu umangothamanga, mphindi zochepa wafika ku ubongo. Chinanso, chiwindi chikatanganidwa ndi mowa chimalephera kutulutsa shuga wokwanira m'magazi. Munthu wosadya tsiku lonse atha kukomoka chifukwa shuga watsika, anzake n'kumati waledzera chabe.

Masamu a kabotolo

Tsopano tiwerengere limodzi, ngakhale amene sukulu munalekeza panjira muzimva. Botolo la mowa wamba la mamililita 330 limakhala ndi mphamvu ya pafupifupi 5 peresenti. Ndiye kuti mowa weniweni m'menemo ndi mamililita 16 kapena 17, kwinako ndi madzi. Tiyerekeze tsono kabotolo kapulasitiki kaja, ena amati midoli, ka mamililita 200 kolembedwa 40 peresenti. Mowa weniweni m'menemo ndi mamililita 80. Mwaona? Kabotolo kamodzi kolowa m'thumba la buluku n'chimodzimodzi mabotolo 5 a mowa wamba. Mabotolo 5 munthu amamwa kwa maola angapo, mimba n'kudzaza, iye n'kupumira. Kabotolo aka mwana amakakhuthula mphindi 10 ali kuseri kwa chimbudzi kuti alonda asamuone.

Nanga thupi limachotsa bwanji mowawo? Ntchito imeneyi ndi ya chiwindi, ndipo chiwindi sichithamangitsidwa. Chimatha kuchotsa pafupifupi mamililita 10 a mowa weniweni pa ola limodzi. Kabotolo kamodzi kaja ndi ntchito ya maola 8. Tiwiri ndi maola 16. Palibe khofi, palibe kusamba madzi ozizira, palibe kuthamanga kumene kungafulumizitse chiwindi. Choncho wa kabaza amene wamwa tiwiri cha m'ma 10 koloko usiku, pamene akukweza amayi opita kumsika m'mawa, mowa udakali m'magazi mwake. Iye akuti ndagona, zaphwa. Sizinaphwe.

Boma linaona vuto limeneli. Mu 2015 linaletsa mowa wa m'masacheti, uja ana a sukulu ankabisa m'masokosi, ndipo mu 2017 dziko lino linakhazikitsa ndondomeko yoyendetsera nkhani za mowa. Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18. Koma sacheti itachoka kunabwera kabotolo. Chovala chinasintha, munthu ndi yemweyo. Ndipo pa phwando la usiku, mumdima, wogulitsa wa m'chikwama safunsa chiphaso cha mwana aliyense.

Mowa wosadziwika kochokera

Wa m'botolo losindikizidwa uli ndi nambala yoti n'kuwerenga. Nanga wa m'chigubu? Kachasu alibe chizindikiro. Wotcheza mwiniwakeyo sadziwa mphamvu yake, amangodziwa kuti woyamba kudontha uja ndiye waukali. Ndiye pali anthu ena osaopa Mulungu amene satcheza n'komwe. Amagula sipiriti wa m'mafakitale, n'kuthira madzi, n'kumagulitsa motchipa.

Mu sipiriti woteroyo mutha kukhala poizoni wotchedwa methanol. Ameneyu ndi wachinyengo kwambiri, chifukwa pakamwa ndi pamphuno sasiyana ndi mowa wamba, ndipo amaledzeretsa chimodzimodzi. Munthu amabwerera kunyumba bwinobwino. Koma chiwindi chikamamuphwanya, methanol amasanduka asidi amene amawononga mitsempha ya maso ndi kuwawitsa magazi. Pakadutsa maola 12 mpaka 24 mpamene zimayamba: mutu kuwawa kwambiri, m'mimba kupota, kusanza, kupuma mothamanga, maso kuona ngati kuli nkhungu. Apabanja amati ndi matsire, amwe phala. Ena amati walodzedwa. Mmene akuganiza zopita kuchipatala, maso apita, mwinanso moyo.

Izi si nthano. Mu 2024 anthu angapo anamwalira mumzinda wa Blantyre atamwa mowa umene omwawo anaupatsa dzina loti Ambuye Ntengeni. Tamvani dzinalo abale anga. Munthu akutchula yekha imfa yake uku akuseka. Ndiye gwirani mawu awa: munthu amene wamwa dzulo akanena kuti maso sakuona bwino, amenewo si matsire. Thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo ngati chigubu kapena botolo lilipo, litengeni adokotala akalione.

Kusakaniza

Tibwere ku chamba ndi mapilitsi. Achinyamata ena amandiuza kuti abusa, chamba anachiloleza. Iyayi, mwamva theka. Lamulo limene aphungu anavomereza mu 2020 limalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, kwa amene ali ndi chiphaso. Kusuta sikunaloledwe. Akakupeza nacho pa phwando ndi mlandu, ndipo ena ali kundende lero chifukwa cha zimenezi.

Koma tisiye za apolisi, tione za thupi. Chamba chimasokoneza kayezedwe ka mtunda ndi nthawi. Galimoto ili pafupi, iwe ukuiona ili kutali. Ukaphatikiza ndi mowa, kusokonekerako kumakula kuposa mmene chilichonse chikanachitira pachokha. Ndipo ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25. Amene wayamba kusuta ali wamng'ono, n'kumasuta kawirikawiri, amakhala pa chiopsezo chachikulu chodwala matenda a maganizo. Chipatala cha odwala misala ku Zomba sichili kutali ndi ife, msewu wa ku Jali umatifikitsa. Mabanja ena amene akundimvera msewu umenewu auyendapo ndi mwana womangidwa manja.

Choopsa kwambiri usiku umodzi ndi mapilitsi. Kuli mapilitsi ogonetsa monga Valium, kuli opha ululu amphamvu monga tramadol, kulinso mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine. Onsewa ndi mankhwala abwino m'manja mwa dokotala. Koma amagwira ntchito pochedwetsa ubongo, ndipo mowa nawo umachedwetsa ubongo. Tsono mu ubongo muli kachigawo kamene kamalamula mapapo kuti pumani, ngakhale iwe uli mtulo. Mowa ukakapondereza, pilitsi n'kudzaponderezanso, kachigawo kaja kamagona. Munthu amapuma pang'onopang'ono, kenako amasiya. Palibe kukuwa, palibe kuphupha. Masipika akulira, anzake akuvina pamtunda wa mapazi ochepa chabe.

Atsikana, ana anga, apa tcherani khutu. Mapilitsi omwewa ndi amene anthu oipa amasungunula m'chakumwa cha mnzawo. Sizitengera kuti iwe umamwa mowa. Ngakhale mu Fanta amathira. Botolo lako litsekulidwe iwe ukuona, likhale m'manja mwako, ndipo ukalisiya pansi n'kupita kovina, usalitolenso. Ukamva chizungulire chosadziwika bwino, usatuluke wekha kukapuma mpweya. Gwira mnzako amene unachoka naye kunyumba.

Mdima, ndi chimene ine ndinachita

Tsopano ndikuuzeni chinthu chimene chimandichititsa manyazi. Chaka china ndinkapita ku mapemphero a m'mawa, kusanache bwino. Njira yanga inadutsa pa bwalo pamene panali zoimba usiku wonse. Kuseri kwa mpanda, pamene panali masipika, ndinaona mnyamata atagona chagada, wina atamufunditsa jekete. Ankaliza mkonono waukulu. Mumtima mwanga ndinati zofuna izi, adzuka dzuwa likamuwotcha. Ndinadutsa, Baibulo lili m'khwapa.

Nditayenda pang'ono ndinamva mayi wina akukuwa kumbuyo kwanga. Anali wogulitsa mandasi, beseni lili pamutu. Anati, abusa, bwererani, mwanayu sakupuma bwino. Nditabwerera ndinaona masanzi m'kamwa mwake. Umene ine ndinkati mkonono kunali kutsamwa. Mayi uja anatula beseni, n'kumutembenuza cham'mbali, n'kumupukuta m'kamwa ndi nsonga ya chitenje chake. Tinaimitsa njinga yamoto, mnyamata tinamukhazika pakati, ine kumbuyo nditamugwira mutu. Anapulumuka. Pambuyo pake anzake anabwera kuchipatala akulira, akuti timati agone kaye ziphwe.

Inu mukuidziwa nkhani ya Msamariya mu Luka mutu 10, ndipo mukudziwa amene analambalala. Tsiku limenelo wolambalala uja ndinali ine. Anzake a mnyamatayo sanali ankhanza, jekete anamufunditsa chifukwa chomukonda. Chimene chinawasowa ndi kudziwa. Sankadziwa kuti munthu akasiya kumwa, mowa umene uli m'mimba umapitirizabe kulowa m'magazi, moti amene wagona ataledzera pang'ono atha kufika poipa ali mtulo momwemo. Sankadziwa kuti mowa wambiri umafooketsa mphamvu ya pakhosi imene imatitsokomoletsa tikatsamwa, ndiye wogona chagada akasanza, masanzi amalowa m'mapapo.

Mukamupeza wagwa, chitani izi

Amene muli ndi cholembera lembani. Choyamba, muitaneni mokweza, mugwedezeni paphewa, mutsineni. Woledzera wamba amadzuka, ngakhale akutukwaneni. Amene sakudzuka ndi wodwala, osati wogona.

Chachiwiri, onani kapumidwe. Akamapuma kosakwana ka 8 pa mphindi imodzi, kapena akamakhala masekondi 10 osapuma, zafika poopsa. Onaninso m'kati mwa milomo ndi zikhadabo ngati zatuwa, ndiponso ngati thupi lazizira koma lili ndi thukuta.

Chachitatu, mugonekeni cham'mbali, bondo lapamwamba lipindidwe kuti asagubuduke, mutu upendekere kumbuyo pang'ono, kamwa liloze pansi kuti masanzi atuluke. Musamukhazike tsonga n'kumusiya, musamugoneke chagada.

Chachinayi, wokomoka musamumwetse kanthu. Osati madzi, osati mkaka, osati thobwa. Musamulowetse chala kukhosi kuti asanze. Musamuthire madzi ozizira, chifukwa mowa umatsitsa kale kutentha kwa thupi, ndipo mbandakucha kumazizira. Mufunditseni.

Chachisanu, pitani naye kuchipatala, kaya chaching'ono cha kwanuko, kaya cha boma cha John Chilembwe ku Migowi, kaya ku Holy Family. Kumeneko nenani zoona zokhazokha. Ngati anamwa mapilitsi, nenani. Ngati anasuta, nenani. Adokotala akufuna kudziwa chothandizira, ndipo mankhwala ena ali ndi chotsitsira chake ngati adziwa msanga. Manyazi a banja asaphe mwana.

Mudzandifunsa kuti abusa, nanga pemphero? Pempherani ndithu, aleluya! Koma pempherani muli pa njinga. Mulungu amene timamupempha machiritso ndi yemweyo anapatsa anamwino nzeru.

Ndipo ngati mtsikana wadzuka m'mawa osakumbuka zimene zachitika, zovala zili zosalongosoka, musayambe ndi kumukalipira. Pali mankhwala otchedwa PEP amene amateteza ku HIV ngati munthu wayamba kumwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. M'zipatala za boma ndi aulere. Kufulumira ndiye kupulumuka kwake. Asasambe kaye, zovala musachape, pitani kuchipatala ndiponso ku ofesi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Wolakwa ndi amene wamuchita chipongwe, osati iye.

Mbali ya aliyense

Mafumu athu, zoimba zisanachitike m'dera lanu okonza amabwera kudzagwada kwa inu. Afunseni mafunso. Madzi akumwa adzakhala pati? Njira ya kuchimbudzi idzakhala yowala? Adzatseka nthawi yanji? Ndani adzaletsa ana aang'ono kulowa usiku? Kodi mwaitana odzipereka a Red Cross kapena wachipatala? Galimoto yothamangitsira wodwala ilipo? Amene akutolera ndalama pakhomo atha kugula migolo iwiri ya madzi ndi mababu angapo. Apolisi a m'mudzi asamangoyang'ana akuba okha, azizunguliranso kuseri kwa mpanda ndi tochi kuona ngati pali wagona.

Inu ogulitsa, ndikudziwa kuti mukusaka ya sopo ndi fizi. Koma mwana wa zaka 14 akatambasula dzanja, mukumbukire wanu amene mwamusiya kunyumba. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo munthu amene akudzandira kale musamuonjezere.

Makolo, kutseka chitseko kokha sikukwanira, mawindo alipo. Khalani naye pansi. Muuzeni masamu a kabotolo aja. Mufunseni akupita ndi yani, abwera bwanji. Ngati wakula moti simungamuletse, adye nsima asananyamuke. Ndipo mumuuze mawu awa: zikakuvuta, kaya wachita chotani, ndiimbire, ndidzabwera, milandu tidzakamba mawa. Ana ambiri amasiya mnzawo kuseri kwa mpanda chifukwa choopa bambo.

Ifenso a mpingo tisadziyeretse. Misonkhano yathu ya chitsitsimutso ndi ya panja, masipika athu ndi omwewo, ndipo timachezera usiku wonse. Ogulitsa a m'chikwama amafikanso m'mbali mwa misonkhano yathu, ndipo mwana wina amatsanzika kuti akupita ku mapemphero a usiku koma osalowa n'komwe. Akulu a mpingo, otsogolera achinyamata, tiziwerenga ana athu popita ndi pobwera.

Kwa iwe mnyamata, iwe mtsikana

Ine ngati mbusa uphungu wanga sunasinthe, ndipo sindiubisa: usamwe, usasute. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2019 mowa unatenga miyoyo ya anthu pafupifupi 2.6 miliyoni. Nyimbo imakoma ndi mutu wabwinobwino, ndipo m'mawa umakumbuka zonse zimene unaona. Ngati wagwidwa kale moti ukadzuka manja amanjenjemera mpaka utalawa, usalimbane nazo wekha, ndipo usasiye mwadzidzidzi popanda wachipatala, chifukwa thupi lozolowera litha kukomoka ndi kuphupha. Pita kuchipatala ukanene. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala. Bweranso kuno tipemphere nawe, khomo ndi lotsekula, sitidzakununkhiza m'kamwa.

Koma ngakhale sunandimvere pa zonsezi, ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Mukanyamuka anthu 4, mubwerere anthu 4. Mnzako akagwa usamufunditse jekete n'kubwerera kovina. Mugoneke cham'mbali, khala naye, itana anthu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nthawi yatithera. Tiyeni tiweramitse mitu. Atate, tikupereka m'manja mwanu ana a boma lino, amene ali m'nyumba ndi amene ali panjira usiku uno. Apatseni mtima wokana, ndipo ife mutipatse maso oona amene wagwa ndi miyendo yosalambalala. M'dzina la Yesu, amen.

Mugone bwino nonse. Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.